Shuga Wosasweka wa Aphunzitsi a Tayeb

Ine ndine Haddou, kalipentala wa kumsika wa kumunsi kuno ku Wazzan, ndipo ndisanapite patali ndinene poyera kuti ntchito yanga inalibe vuto. Anthu akamasimba za malemu aphunzitsi a Tayeb amakonda kuponyamo dzina langa ngati ndine ndinasokoneza zinthu. Bodza lenileni! Munthu akakutuma kuti umusemere chinthu chofanana ndi shuga, iwe n'kusema chofananadi ndi shuga, pamenepo walakwa chiyani? Ndiye lero mumve kwa ine amene ndinalipo kuyambira pachiyambi.

A Tayeb anafika m'tauni muno ndi mayi awo, sutikesi imodzi ndi mabuku a masamu. Anali aatali, oonda, a khosi lalitali, ndipo mkanjo wawo sunkasowa fumbi la choko ngakhale tsiku la Idi. Anaphunzitsa pasukulu ya kuseri kwa msika mpaka anayamba kulandira ana a anthu amene anawaphunzitsa kale. Tsiku loyamba kulowa mushopu yanga, moni sanamalize n'komwe. Anatola kachidutswa ka thabwa pansi, anakayang'ana uku, anakayang'ana uko, n'kukatembenuza.

"Amisiri, mukudziwa kuti mwataya pirizimu?"

"Ndataya chiyani?"

"Pirizimu ya ngodya zitatu. Taonani, nkhope iyi ili ndi ngodya zitatu, ndipo kuseri kuli inzake yofanana nayo ndendende. Dzina lake likuchokera pa mapasa amenewa."

"Bambo inu, chimenecho n'chokolezera moto," ndinatero ine. "Ngati mwachikonda tengani. Pakhoma apo pali thumba lathunthu la abale ake."

Anatengadi thumba lonselo, mpaka kuthokoza kawiri. Ubwenzi wathu unayambira pamenepo. M'zaka zotsatira ndinawasemera banja lonse la zinthu zawozo: mapiramidi, mapirizimu, ndi kiyubu imene ankaikonda kuposa zonse chifukwa nkhope zake zonse n'zofanana. Ankati m'tauni yonse ya Wazzan, kiyubu yokha ndiyo ilibe chinyengo.

Phunziro lawo ndinalionerera kangapo ndili pazenera. Ankadikira kuti dzuwa lilowe m'kalasi, n'kuimika zinthu ziwiri patebulo kuseri kwa kansalu, kuti ana aone zithunzithunzi zokha pakhoma. Zithunzithunzizo zinkafanana, zonse zosongoka pamwamba, zotakasuka m'munsi.

"Ichi n'chiyani?"

"Piramidi!" ana onse ankakuwa.

"Nanga ichi?"

"Piramidinso!"

Apo a Tayeb ankachotsa kansalu kaja, n'kutembenuza chilichonse kuti ana aone nkhope imene chakhalira. China pansi pake panali ngodya zinayi. Chinacho pansi pake panali pozungulira ngati mbale, popanda ngodya ngakhale imodzi. "Iyi ndi piramidi ya ngodya zinayi, chifukwa piramidi imatenga dzina kwa nkhope yapansi. Iyi ndi koni, si piramidi ayi. Mwazitchula musanazipatse moni. Lamulo likuti chiyani?" Ndiye kalasi yonse inkaimba ngati pamadarasa: "Usatchule dzina usanatembenuze!"

Lamulolo likanathera m'kalasi bwenzi zili bwino. Koma ayi ndithu, ankayenda nalo paliponse. Pamsika ankatembenuza sopo, buledi, zivundikiro za miphika, ndipo tsiku lina anatembenuza botolo la mafuta a azitona losatseka bwino, mwini wake akuyang'ana. Amayi ogulitsa mazira ankati akawaona akubwera, n'kuphimba malonda awo ndi nsalu.

Tsopano za koni ija. Poyamba a Tayeb ankaphunzitsira kalebu weniweni, chulu cha shuga wolimba chija chokutidwa m'pepala labuluu chimene timanyamula popita kukafunsira mbeta, kukaona mwana wobadwa kapena kukapepesa maliro. Ankati palibe mwana wa m'dziko muno amene sadziwa kalebu, ndiye koni aidziwa msanga. Anaidziwadi, mpaka kuidziwitsa. Kalebu akayenda m'mizere kuti aliyense amugwire, pobwerera patebulo anali atanyowa ndiponso atafupika. Mwezi usanathe chinkatsala chinthu chimene ngakhale mabuku awo analibe dzina lake. Atagula makalebu angapo ndi malipiro awo ochepawo, anabwera kwa ine.

"A Haddou, mundisemere kalebu wa mtengo. Koma afanane ndi weniweni, kuti anawa asasiye kumukonda."

Ine ndikagwira ntchito sindichita za masewera. Ndinasankha mtengo wa azitona wouma bwino, ndinausema, ndinaupala, ndinaupaka penti yoyera n'kuwazapo timchenga kuti uzinyezimira ngati shuga. Poona kuti wapepuka, ndinaboola pansi n'kuthiramo mtovu mpaka sikelo ya wogolosale inavomera kuti awiriwa ndi amodzi. Kenako tinaukulunga m'pepala labuluu lenileni, n'kusiya pansi pokha poonekera monga amachitira. Chosiyanitsa chinali chimodzi basi: ukatembenuza, unkaona kadiso ka mtovu pakati. Sabata yoyamba ana atatu anapita kwawo milomo ili mbuu ndi penti, ndipo wina anasiya dzino. Kuyambira pamenepo koni inapuma.

Munthu wina amene muyenera kumudziwa ndi a Haji Allal, ogulitsa mafuta a azitona, munthu wa mimba yake ndi ulemu wake. Pobwera ku Makka anadzera ku Iguputo, ndipo kwa chaka chathunthu sitinapume ku tiyirumu. Tsiku lina akusimba kachikwi anati: "Mapiramidi ndinawaona ndi maso angawa. Zimapiri za miyala, za ngodya zitatu!"

A Tayeb anaika tambula yawo pansi. Ine ndinawaponda phazi, koma kunali kuchedwa.

"Zinayi, a Haji."

"Mwati bwanji?"

"Nkhope za m'mbali ndizo zili ndi ngodya zitatu. Koma pansi pamene akhalira pali ngodya zinayi, ndipo dzina limachokera pamenepo."

"Aphunzitsi, inu munafikako ku Iguputo?"

"Sindinafikeko."

"Ine ndinafikako!"

"Munawazungulira?"

A Haji sanawazungulire. Zinadziwika pambuyo pake kuti anawaonera pazenera la basi. Tiyirumu yonse inafa nacho chiseko, ndipo kuyambira tsikulo anyamata ankawatchula kuseri kuti a Haji Ngodyazitatu. Potuluka ndinawauza anzangawo kuti: "Aphunzitsi, akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza." Iwo anangodabwa, amvekere, "Koma ndi zinayi."

Mlomowo anaupezadi, chifukwa a Haji anali ndi mlongo wawo, mayi Mennana. Anali amasiye, opanda mwana, ndipo ankakhala m'nyumba ya achimwene awowo kuyang'anizana ndi geti la sukulu. Ankaphika tisamusa ta uchi n'kumagulitsira pazenera. Mayi ameneyu anali wamfupi, wa manja olimba, ndipo pakamwa pake panalibe chotsekera. Tsiku loyamba a Tayeb kuima pazenerapo anatola kasamusa, n'kukatembenuza ndi zala zawo za choko.

"Mayi, aka ndi kapirizimu ka ngodya zitatu, kungoti kofufuma pang'ono."

Phaa! Chipande padzanja.

"Aka ndi kasamusa, ndipo mwakagwira ndiye mwagula. Kofufuma ndi mutu wanuwo."

M'tauni yonse panalibe amene anawayankhapo choncho. Ena ankangowaseka, ena ankawathawa. Mawa lake a Tayeb anabweranso, anatembenuzanso, analandiranso chipande. Zinapitirira choncho kwa zaka ziwiri, munthu amene ndinkamudziwa kuti uchi umamupweteka mano. Nthawi imeneyo mayi awo anamwalira, ndipo m'nyumba munatsala iwo ndi mabuku. Tsitsi linali litayera, zaka zitadutsa makumi asanu.

Madzulo ena anakhala pabenchi mushopu mwanga nthawi yaitali osatembenuza kalikonse. Ndinadziwa kuti zavuta.

"A Haddou," anatero potsiriza, "ndikalowa m'nyumba muja palibe wondifunsa kuti ndaswera bwanji. Ndimadya nditaimirira. Ndikuopa kuti ndidzafa ndekha, n'kudzapezeka ndi ana asukulu ataona kuti sindikubwera."

Mtima unandiwawa, sindinama. Koma ine si munthu wolira pamaso pa mwamuna mnzanga, ndiye ndinakalipa.

"Nanga mukudikira chiyani? Chipande chija chakumenyani zaka ziwiri, mukufuna chikulankhulireninso? Gulani shuga tipite!"

"Akakana?"

"Akakana abweza shuga wanuyo, mudzamwera tiyi. Palibe chotayika."

Ndinanena choncho pofuna kuwalimbitsa mtima, koma tonse tinkadziwa kuti chotayika chilipo. Kwathu kuno mkazi akaswa kalebu wako n'kuthira m'tiyi, wavomera. Akamubweza wathunthu, wakana, ndipo mwamuna wa msinkhu wa a Tayeb sagogoda kawiri. Ndinawauza kuti agule makalebu awiri monga amachitira anthu. Iwo amvekere, "Mkazi ndi mmodzi, kalebunso akhale mmodzi." Mwaona? Akanandimvera, bwenzi nkhani ino kulibe.

Tinapangana za Lachitatu ikatha swala, pemphero la madzulo. M'mawa wa tsikulo a Tayeb anagula kalebu wawo, ndipo poti kunyumba kunali kutali, anamusunga m'kabati ya m'kalasi, pashelefu yomwe pankakhala banja lija ndinasema. Ataweruka anatsegula kabati, anatenga, anafungatira pachifuwa ngati khanda, n'kudzandipeza. Ine ndinanyamula dengu la zipatso za kanjedza. Njira yonse a Tayeb thukuta linali kamukamu.

A Haji anatilandira m'chipinda cha alendo ndi nkhope ya munthu amene walumidwa ndi dzino. Ine monga mneneri ndinayala mawu bwinobwino, kutamanda banja lawo, mafuta awo, ngakhale ulendo wawo wa ku Makka. Za Iguputo sindinatchule.

"Tamva," anatero a Haji. "Mlongo wanga sakusowa kanthu m'nyumba muno. Amadya, amavala." Sananene kuti amawaphikiranso ndi kuwachapira ulere. "Koma si mwana, ayankha yekha. Ine ndingoti, munthu amene amadziwa za pansi pa mapiramidi asanawaone, mwina yankho akulidziwanso kale."

Anatenga kalebu ndi dengu n'kupita nazo kukhitchini, kuseri kwa khoma limene tinatsamira. Atabwerera tinakhala chete tonse atatu, makutu ali kukhoma. Tinamva madzi akuthiridwa m'ketulo. Tinamva pepala likufwaphuka. Kenako:

Gu!

A Haji nkhope inagwa. A Tayeb anandigwira bondo mwamphamvu, maso ali ngwee. Mayi Mennana anali atatenga kanyundo ka shuga. Akuswa! Avomera!

Gu! Gu!

"Shuga wa masiku ano ngolimba," ndinatero ine pofuna kudzaza chete.

Gu! Gu! Gu!

Apa ndinatchera khutu bwinobwino. Abale anga, shuga akamenyedwa amati phwa. Chimene chimati gu ndi mtengo wa azitona wouma bwino, wosankhidwa ndi munthu wodziwa ntchito yake. Liwu limenelo ndikanalizindikira ngakhale ndili m'manda. Ndipo ndisabise, pakati pa mantha anga panali kachimwemwe pang'ono, poti nyundo zonsezo sindinamve kung'aluka.

Kukhitchini kunamveka mawu a mayi Mennana: "Bisimila!" Kenako GU wamkulu, ndi kachitsulo kakugubuduka pansi, ngwe ngwe ngwe. Kanali kamutu ka kanyundo ka mkuwa, kamene anasiyiridwa ndi malemu mayi awo.

Ndinawanong'oneza a Tayeb: "Aphunzitsi, potenga m'kabati muja, munatembenuza?"

Anandiyang'ana. Ndinaona nkhope yawo ikusanduka ngati choko chawo chomwe. Munthu amene anatembenuza sopo yense wa mu Wazzan, mazira, mabotolo, nsapato za eni ake pakhomo la mzikiti, tsiku limodzi lokhali anaiwala.

Kenako chitseko chinatseguka pang'ono, dzanja linakankhira thireyi ya tiyi m'chipindamo, chitseko n'kutsekekanso mwamphamvu. A Haji anathira tiyi, analawa, ndipo nkhope yawo inawala ngati mwezi wa Idi.

"Alibe shuga," anatero mokoma. "Imwani, alendo anga, imwani. Aphunzitsi, ndikuwonjezereni?"

Tiyi wathu wopanda shuga ndi chilango, amawawa mpaka m'makutu. Koma mlendo sakana tiyi, ndiye tinamwa matambula atatu aliyense, a Haji akutithirira kuchokera m'mwamba kuti achite thovu. Sindinawaonepo akusangalala chotero chibwerere ku Makka.

Titatuluka ndinawagwira mkono. "Thamangani kusukulu mukatenge weniweniyo! Tibwerere pompano, tikafotokoze!"

"Ayi, a Haddou."

"Mwapenga kodi? Ndi pafupi pomwepa!"

"Ndapatsa mkazi mtengo kuti aswe pamaso pa mchimwene wake. Ndamuchititsa manyazi m'nyumba mwake. Ndikafotokoza chiyani? Kuti ndine mphunzitsi wa kutembenuza?" Anapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo. "Anamenya, a Haddou. Munamva? Anamenya kambirimbiri. Ankandifuna, ndipo ndaziwononga ndekha."

Anapita kwawo akukoka mapazi. Ine ndinafika kunyumba n'kukalipira mkazi wanga popanda chifukwa.

Kutacha, nkhani inali itafika kale kumsika, chifukwa a Haji anadzuka molawirira kukaigawa ku tiyirumu. Dzuwa litakwera pang'ono ndinamva phokoso panja. Nditasuzumira ndinaona mayi Mennana akudutsa pakati pa msika, kalebu ali m'manja poyera, wopanda n'chomukulunga chomwe. Nyumba yawo inali pafupi ndi geti la sukulu, koma iwo anazungulira dala njira yaitali, kudzera kwa ogulitsa nyama, kwa osoka nsapato, mpaka pakhomo panga. Amayi a mazira anagwira pakamwa. "Akubweza! Kalanga aphunzitsi, akubweza!" Pofika pashopu panga anaima, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ntchito yanu iyi, a Haddou?"

"Ndi yanga, mayi."

"Mundilipira kanyundo ka amayi anga."

Ndinatseka shopu n'kuwatsatira, ndipo theka la msika linatsatira ine.

Kusukulu zinali zina. A Tayeb anabwera kuntchito monga mwa masiku onse, koma anangouza ana kuti atulutse okha zinthu m'kabati azibwereza, iwo n'kukhala patebulo atagwira mutu. Ana anatulutsa mapiramidi, mapirizimu, kiyubu ndi koni. Ndipo poti anali ana ophunzitsidwa bwino, asanatchule dzina anatembenuza. Kadiso ka mtovu panalibe! M'tauni yonse, amene anasunga lamulo la a Tayeb sabata imeneyo anali ana okhawo. Kalasi inakhala chete wodabwitsa, ndipo koni inayamba ulendo wake m'mizere, pansi pa mabenchi.

Mayi Mennana analowa osaodira. Ife tinadzaza mazenera. Anaika kalebu wanga patebulo, gu, ndipo a Tayeb anadzambatuka n'kuimirira, manja ali lende.

"Aphunzitsi, ndabwera ndi funso. Ine sukulu sindinapite. Ichi dzina lake n'chiyani?"

Ana ataona aphunzitsi awo akuvutika anaganiza zowathandiza, ndipo anaimba onse pamodzi, ena milomo ikunyezimira: "Usatchule dzina usanatembenuze!"

Kumazenera anthu anaphulika. A Tayeb anatenga chinthucho pang'onopang'ono n'kuchitembenuza. Kadiso ka mtovu kanawayang'ana.

"Ndi koni ya mtengo, mayi."

"Ya mtengo. Zaka ziwiri mwakhala mukunditembenuzira tisamusa tanga ndi zala za choko. Sopo wa eni mumatembenuza. Mazira a eni mumatembenuza. Koma chobwera nacho kwa ine, chimenecho ndiye ayi, mwangotola ngati mukutola mwala. Ndine wotchipa chotero?"

Chiseko chinazima. Ndinaona kuti mayiyu sakuchita nthabwala. Ndinapemphera chamumtima kuti mnzangayo asayambe za ngodya.

"Ayi, mayi," anatero a Tayeb motsitsa. "Ndinaopa kuti ndikatembenuza ndigwetsa, asweka ndisanafike kwa inu. Moyo wanga wonse sindinanyamulepo chinthu chimene ndinkaopa kuchitaya. Dzulo kanali koyamba."

Mayi Mennana anakoka mpweya m'mphuno, n'kukonza mpango wawo.

"Nanga shuga wanga ali kuti?"

A Tayeb anatembenukira kukabati. Munalibe. Anayang'ana ana. Ana onse anayang'ana kudenga.

"Ndati shuga wanga ali kuti?" Apa mawu anali a chipande, ndipo ana a mu Wazzan onse ankachidziwa chipande chimenecho. Kalebu anatuluka pansi pa benchi yakumbuyo, n'kuyenda dzanja ndi dzanja mpaka kutsogolo. Koma ndiye anali ataona zakuda! Pepala linali litang'ambika, nsonga yonse itatha, pamwamba pali phwatalala, ponyowa, pooneka timizere ta mano.

Mayi Mennana anamunyamula ndi zala ziwiri. "Nanga uyu dzina lake ndani?"

Ndinatseka maso. Ndinadziwa kuti sangathe kudzigwira, ndipo sanadzigwiredi. Anamulandira, anayang'ana pansi, anayang'ana pamwamba.

"Tsopano ali ndi nkhope ziwiri zozungulira, yaikulu pansi, yaing'ono pamwamba. Sakhalanso koni yathunthu, ndi koni yodulidwa mutu. Ikanakhala kuti nkhope ziwirizi n'zofanana, bwenzi tikuti..."

"Bambo inu, khalani chete."

Anamulanda, anamugoneka patebulo, anagwira kalebu wanga wa mtengo cha kunsonga ndi manja awiri, n'kukweza m'mwamba.

Phwaa!

Shuga anabalalika patebulo ponse. Kenako amayi a mazira anayamba nthungululu pazenera, ana anakwera pamabenchi, wogulitsa nyama anandikumbatira ndi epuloni yake ya magazi, ine osakana n'komwe. A Tayeb anangoima, misozi ikutsika m'masaya n'kumasiya tinjira m'fumbi la choko.

Mayi Mennana anatola chibenthu chachikulu n'kuchimanga pansonga ya mpango wawo. Zotsalazo anauza ana kuti amalize ntchito imene anaiyamba. Kenako anakwapatira kalebu wa mtengo uja m'khwapa.

"Uyu ndatenga, alowa m'malo mwa kanyundo kanga. A Haddou asema wina, ndipo amulembe dzina pamphumi. Inu aphunzitsi mubwere madzulo, tiyi wa dzulo sanathe. Musambe m'manja."

Madzulo amenewo tinamwa tiyi wotsekemera m'chipinda chomwe chija. A Haji anamwa ali ndwii, koma anamwa matambula onse atatu, n'kuvomereza kuti shugayo ndi wabwino. Palibe anawauza kuti wadutsa m'malilime a kalasi yathunthu, ndipo mpaka anamwalira osadziwa.

Anakhala m'banja zaka zambiri ndithu, kuposa zimene tinkayembekeza. A Tayeb ananenepa mpaka khosi lija linafupika. Khalidwe lawo silinasinthe: ankatembenuza mbale, mapilo, buledi wotentha, ndipo chipande chinkalira tsiku ndi tsiku moti oyandikana nawo ankadziwira pamenepo kuti kwacha. Shuga yense wa m'nyumba imeneyo ankaswedwa ndi kalebu wanga. Ndinkati ndikapita kukacheza ndinkamuyang'ana mwakabisira. Penti inasupuka, koma mng'alu ngakhale umodzi, ndipo amene akuti ntchito yanga inali ndi vuto apite akaone yekha.

A Tayeb anatisiya chaka cha dzana, nthawi yokolola azitona. Sanafe okha. Anafera pabedi lawo, mayi Mennana atawagwira dzanja n'kumawakalipira kuti sanamalize msuzi.

Pamaliro panabwera anthu amene sindinkawadziwa n'komwe, madalaivala, manesi, asilikali, azibambo a imvi, onse ana awo a sukulu, ndipo aliyense ananyamula kalebu wa chipepeso monga mwa mwambo. Makalebu anadzaza khonde. Tsiku lachitatu anthu atachepa ndinapita kukatsanzika, ndipo ndinapeza mayi Mennana atakhala pamkeka pakati pa mapepala abuluu. Ankatenga kalebu mmodzi, kumutembenuza, kuyang'ana pansi, kumuika kumanja. Kutenga wina, kumutembenuza, kuyang'ana, kumuika kumanja.

Ndinayesa kuseka kuti ndiwasangalatse. "Mayi, ndani angakubweretsereni mtengo pamaliro? Ine ndinasema awiri okha, ndipo onse mukudziwa kumene ali."

Sanadzutse mutu. Anatenga wina n'kumutembenuza.

"Ndikudziwa, a Haddou. Koma m'nyumba muno mulibenso wina wotembenuza."

Ndinavula nsapato, ndinakhala pansi pambali pawo, n'kuyamba kuwapatsira mmodzimmodzi.